Galimoto itsale kuchipata

Malume anga atabwera kudzationa kuno ku Leeds, ku England, anapempha chinthu chimodzi chokha. Za kogula zovala analibe nazo ntchito, za mpira ayinso. Ankafuna kukaona York. Iwowa anaphunzitsa mbiri yakale kusekondale mpaka kupuma pantchito, ndipo dzina la mzindawu ankalilemba pabolodi ndi choko asanaganizeko n'komwe kuti tsiku lina adzapondako. Choncho Loweruka lina m'mawa tinapakirana m'galimoto, ine, malume, mayi a kunyumba ndi ana awiri, n'kulowa msewu wa A64. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 40 basi.

Titayandikira tinaona chikwangwani cholozera ku Askham Bar, amodzi mwa malo amene munthu amasiya galimoto kunja kwa mzinda n'kukwera basi, omwe eni ake amati Park and Ride. Mayi a kunyumba anati, "Abambo, bwanji tiisiye pompano?" Ine ndinakana. Mumtima ndinkati malume ako enieni, amene anakulipirira fizi, abwera kuchokera kutali chonchi, sungawakweze basi galimoto uli nayo. Ndinkafuna kukawatsitsa pakhomo penipeni pa tchalitchi chachikulu cha mzindawo, poti kwathu ulemu wa mlendo ndi umenewo.

Tinatha ola lathunthu tikuzungulira linga la mzindawo. Pamalo oyamba panali podzaza. Pachiwiri mzere wa odikira unali utafika mumsewu. Ana anayamba kudandaula njala. Malume anali phee, akusuzumira pawindo, nsanja za tchalitchi zikuonekera, kubisala kuseri kwa nyumba, kuonekeranso mbali ina. Pomaliza tinapeza kampata pabwalo la magalimoto lomwe linali m'munsi mwa Clifford's Tower, nsanja yamiyala yokhala pamwamba pa kachitunda. Ndinathira m'makina ndalama yoti n'kugulira ana nkhomaliro.

Ndikutseka zitseko n'kuti malume atafika kale patsinde pa chitundacho, akuwerenga mwala wachikumbutso. M'mwezi wa Malichi 1190 Ayuda a mumzindawu, anthu pafupifupi 150, anathawira m'linga la mfumu lomwe linali pamwambapo, gulu la anthu olusa n'kuwazinga. Ambiri anasankha kufa ndi manja awo kusiyana n'kugwidwa ndi gululo, ndipo amene anatuluka atalonjezedwa kuti sakhudzidwa anaphedwa pomwepo. Malume anavula chipewa. Kenaka anacheuka, n'kuyang'ana mizere ya magalimoto ikunyezimira padzuwa, yanga ili pakati, nati, "Mphwanga, ndiye kuti taimika pasiwa?"

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi maganizo amodzi pankhaniyi, ndipo ndimawanena kwa aliyense wondifunsa koimika. Mlendo wopita kumzinda wakale, ngati miyendo ili bwino, asiye galimoto kunja. N'zoona kuti kutero n'kotchipa, n'zoonanso kuti kumapulumutsa ku zindapusa, koma chifukwa chachikulu n'chakuti galimoto yakeyo ilibe malo m'katimo. Kuti ipezeredwe malo, pamayenera kuchotsedwa chinthu chomwe iyeyo wayendera ulendo kudzaona.

Kwathu mwana aliyense amadziwa tanthauzo la masamba oyalidwa pamsewu. Wanjinga amatsika n'kuyamba kukankha. Wagalimoto amachepetsa liwiro, nyimbo n'kuzimitsa. Wachipewa amavula. Sindinamvepo munthu akuti ufulu wake waphwanyidwa chifukwa wayenda pansi mamita makumi asanu podutsa pamaliro a munthu amene samudziwa. Nzeru yoti pali malo ena amene sulowa monga wabwerera tili nayo kale, sitikuchita kubwereka kwa Azungu. York si manda, ndi mzinda wamoyo, muli masitolo, masukulu, mabanki ndi malo omwera mowa. Komabe anaumanga ndi anthu amene anapita kalekale, ndipo anaumanga pamuyeso wa phazi la munthu ndi ngolo ya kavalo.

Aroma ndiwo anaukhazikitsa m'chaka cha 71 n'kuutcha Eboracum. Ma Viking, ankhondo ochokera kumpoto kwa Ulaya, ataulanda mu 866 dzina linakhala Jorvik. Misewu ya Stonegate ndi Petergate ikutsatabe mizere ya msasa wa asilikali a Chiroma aja. Tchalitchi chomwe malume ankafuna, York Minster, chinatenga zaka pafupifupi 250 kuti chithe, kuyambira cha m'ma 1220 mpaka 1472, kutanthauza kuti amene anayala maziko ndi amene anamaliza nsanja sanaonanepo, ngakhale zidzukulu zawo. Pali kamsewu kotchedwa Shambles, komwe kale kanali ka mabutchala. Nyumba zake zimaweramirana kumwambaku ngati agogo awiri akunong'onezana, ndipo pamakoma ena zitsulo zokolekera nyama zikadalipo. Mwana wanga wamkulu anatambasula manja pakati pa kamsewuko kufuna kuona ngati angakhudze mbali zonse ziwiri.

Tsono tengani malo oimikapo galimoto imodzi. Kuno muyeso wake ndi mamita 2.4 m'lifupi ndi 4.8 m'litali, osawerengera njira yolowera ndi pobwerera m'mbuyo. Mukaphatikiza zonsezo, magalimoto pafupifupi mazana atatu amadya bwalo lonse la mpira. Ku York kumabwera alendo mamiliyoni chaka chilichonse. Mabwalo a mpira angati angalowe m'kati mwa linga lotalika makilomita atatu ndi pang'ono? Ndipo mungawaike pati osagwetsa kanthu? Munthu akamati "angowonjezera malo oimikapo", zimene akupempha, ngakhale sakudziwa, ndi zoti agwetse mzere wa nyumba zakale kapena athire phula pamalo ngati aja tinaimapo ndi malume.

Izi si zongoganizira, zinachitikapo. Zipata zikuluzikulu za linga la York ndi zinayi: Micklegate Bar, Bootham Bar, Monk Bar ndi Walmgate Bar. Kale chilichonse chinali ndi kampanda kachitetezo kotulukira kunja, koti mdani asalowe molunjika. M'zaka za m'ma 1820 ndi 1830 akuluakulu a mzinda anagwetsa timipanda titatu, mwa zina pofuna kuti ngolo zizidutsa mosavuta, ndipo ena ankafuna linga lonse lichoke. Anthu ngati William Etty, katswiri wa zojambula wobadwira momwemo, analimbana nazo mpaka linga linapulumuka. Lero kampanda kotere katsala pa Walmgate Bar pokha. Ngolo zimene ankazitsegulira njirazo zinatha kalekale, koma miyala imene inagwetsedwa sinabwererenso. Zofananazo zinatsala pang'ono kuchitika m'zaka za m'ma 1970, pamene panali pulani yomanga msewu waukulu wozungulira pafupi ndi linga, womwe ukanagwetsa nyumba zambirimbiri. Anthu anakana, ndipo boma linaiponya kumbali. Mu 1968 Lord Esher, katswiri wa mapulani a nyumba, anali atalemba kale lipoti lolangiza kuti pakati pa York pasungidwe ngati malo okhalamo anthu ndi oyendamo pansi. Mu 1987 misewu yambiri yapakati inatsekedwa kwa magalimoto masana, ndipo masiku ano zipilala zimatseka njira kuyambira 10:30 m'mawa mpaka chakumadzulo.

Ola limene tinataya lija linachititsa kuti malume asaone zonse, choncho sabata yotsatira tinabwereranso. Ulendo uno mawu a mayi a kunyumba anamveka. Pa Askham Bar tinalowa, kuimika, kutsika, osazungulira ngakhale kamodzi. Kuimikako n'kwaulere, umalipira basi yokha. Inabwera nambala 3, basi yamagetsi yosanjikiza, yosachita phokoso, ndipo malume anakwera pamwamba ndi ana n'kukhala mpando wakutsogolo. Kuchokera pamenepo anaona bwalo la mjaho wa akavalo la Knavesmire, kenaka mizere ya nyumba za njerwa zofiira, kenaka Micklegate Bar ili njo kutsogolo kwathu. Sabata yapitayo ndinadutsa pomwepa kawiri, koma sindinachione chipatacho. Maso anali pa galimoto yakutsogolo ndi pa zikwangwani.

Pachipata chimenechi pali mwambo umene malume anatifotokozera tili m'basi. Mfumu ya dziko lino ikabwera ku York imaima pa Micklegate Bar, akuluakulu a mzinda n'kuichingamira ndi lupanga la mzindawo, ndipo ndi pamenepo imalandiridwa kuti ilowe. Mfumu Charles III inachita zomwezo mu Novembala 2022, ikupita kukatsegulira chiboliboli cha mayi ake pa Minster. Inatsika, n'kuponda pansi. Ngati mwini dziko amaima pachipata, ine wochokera ku Leeds ndi galimoto yanga yogula kwa munthu ndingadandaule chiyani?

Malo a Park and Ride ozungulira York alipo asanu ndi amodzi, pafupifupi msewu uliwonse waukulu wolowera uli ndi ake: Askham Bar, Poppleton Bar, Rawcliffe Bar, Monks Cross, Grimston Bar ndi Designer Outlet. Oxford inayamba zimenezi kale mu 1973. Durham, komwe tchalitchi ndi nyumba yachifumu zili pakaphiri kozingidwa ndi mtsinje ndipo njira yokwerera ndi kamsewu kamodzi kopapatiza, Saddler Street, inayamba kulipiritsa mapaundi awiri galimoto iliyonse yolowa kumeneko mu Okutobala 2002, London isanayambe zake mu 2003. Mizinda yakale yonse ikulimbana ndi vuto limodzi, ndipo palibe umene unalithetsa pokulitsa misewu.

Otsutsa alipo, ndipo ena mwa iwo ndi anzanga amene timadya nawo nsima Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Mfundo yawo yoyamba ndi yamphamvu. Amati kukweza mtengo woimikira sikuchotsa galimoto m'tauni, kumangochotsa galimoto ya munthu wosauka. Wa Range Rover amalipira osayang'ana n'komwe pamakina, wogwira ntchito yosamalira okalamba ngati ine ndiye amawerengera maola. Apa ndikuvomera. Mtengo wokha ndi sefa imene imadutsitsa olemera. N'chifukwa chake ndimakonda msewu wotsekedwa kwa onse kusiyana ndi msewu wotsegulidwa kwa amene ali ndi ndalama. Pa Stonegate masana bwana ndi wantchito wake onse amayenda pansi, ndipo m'basi ya nambala 3 amakhala mpando umodzi. Koma kutseka kumeneku kumakhala kwachilungamo pokhapokha basi ilipo, ikubwera pafupipafupi, mtengo wake ndi wotheka kwa banja, ndipo yomaliza siinyamuka anthu otsuka mbale m'malesitilanti asanaweruke. Mzinda ukatseka chipata osapereka basi yotere, ndiye kuti wathamangitsa anthu, sunateteze kanthu.

Amanenanso za amalonda, kuti munthu akalephera kuimika pafupi amakagula kwina. N'zoona kuti pa Coney Street, msewu waukulu wa masitolo, pali zitseko zina zotsekedwa. Koma amene anadya malonda amenewo ndi intaneti ndi masitolo akuluakulu akunja kwa mzinda, ngati a ku Clifton Moor ndi Monks Cross, komwe umaimika ulere pakhomo. Pakati pa York sipangapikisane nawo pa malo oimikapo, ngakhale patagwetsedwa theka la nyumba. Chimene pali nacho chomwe Clifton Moor ilibe ndi misewu yopapatiza yomwe ija. Munthu sachoka ku Japan kapena ku Zomba kudzaona bwalo la magalimoto. Ndipo woyenda pansi ndi amene amaima pawindo la sitolo, kununkhiza buledi, kulowa. Ife tsiku lachiwiri lija tinagula tiyi, makeke, kabuku ka mbiri ya tchalitchi ndi mapositikhadi. Tsiku loyamba tinkangoyang'ana wotchi kuopa kuti tikiti ya pamakina itha.

Ndisabise, Park and Ride nayonso ili ndi chilema. Ena mwa mabwalo akewo anamangidwa pamene kale panali minda ndi msipu, ndipo munthu amakhala wayendabe makilomita 40 pagalimoto, utsi wake wangousiya kunja kwa linga. Njira yabwino koposa kuchokera ku Leeds ndi sitima, yomwe siitha ndi theka la ola lomwe, ndipo siteshoni ya York, yomangidwa mu 1877, ili pafupi penipeni ndi linga. Ndikakhala ndekha ndimakwera imeneyo. Koma matikiti a anthu asanu si masewera, ndipo sindingauze banja limene likuwerengera ndalama ya lendi kuti likwere sitima chifukwa cha mpweya wabwino. Walira mvula walira matope. Ngati tikufuna pakati pa mzinda popanda magalimoto, penapake pamayenera kukhala poti aimepo, ndipo kuli bwino pakhale m'mphepete mwa A64 kusiyana ndi patsinde pa Clifford's Tower. Khonsolo ya York nayonso yakhala ikukonza kwa zaka zingapo zoti bwalo lija lichoke pakhale malo oyendapo anthu.

Koma pali mfundo imodzi imene imandikhudza kuposa zonsezi, ndipo pamenepa ndimasiyana ndi anthu ena odana ndi galimoto. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ndi olumala m'nyumba zawo. Ndimadziwa chimene mamita mazana atatu amatanthauza kwa gogo woyendera chitsulo chogwirira, amene amapuma katatu kuchoka pabedi kukafika kubafa. Ndimadziwa mmene njinga ya olumala imagwedezekera pamiyala yoyala ya m'misewu yakale, munthu wodwala msana akuluma mano. Kwa anthu amenewa galimoto si ulemu kapena ulesi, ndi miyendo. Kuno amapatsidwa chiphaso chotchedwa Blue Badge chowalola kuimika pafupi ndi kumene akupita. Mu Novembala 2021 khonsolo ya York inagamula kuti ngakhale a chiphasochi asamalowenso m'misewu ya oyenda pansi masana, ponena kuti apolisi analangiza zotseka njira ndi zipilala poopa zigawenga zogunda anthu ndi galimoto. Mantha amenewo sanali opanda maziko, zinachitikapo m'mizinda ina. Koma zotsatira zake zinali zakuti anthu obadwira mu York, amene anakhoma msonkho moyo wawo wonse, analephera kufika kubanki yawo, kupositi ofesi, kutchalitchi chawo, pamene ife alendo tikujambulitsa pa Shambles. Mabungwe a olumala anayamba kampeni, Judi Dench, katswiri wa zisudzo ndi mafilimu yemwe ndi mwana wa ku York, anawaikira kumbuyo, nkhaniyi inalowa m'chisankho cha makhansala cha mu Meyi 2023, ndipo otsogolera atsopano anatsegulanso njira kumayambiriro kwa 2024.

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Malo a galimoto m'mzinda wakale ndi ochepa, ndipo sadzachuluka. Funso ndi lakuti ochepawo akhale a yani. Ine ndikuti akhale a amene alibe njira ina: wolumala, ambulansi, namwino woyendera odwala m'makomo, wobweretsa ufa kumalo ophikira buledi m'mamawa, wokonza mapaipi amene sangasenze zida zake m'basi, ndi munthu amene nyumba yake ili momwemo. Mlendo wamiyendo yabwino ali kumapeto kwa mzere umenewu. Galimoto iliyonse ya mlendo imene yatsala pa Askham Bar ndi kampata kamene kapezeka kwa mmodzi wa anthu amenewa. Tsiku loyamba lija, pamene ndinkazungulira linga ndikudzitcha waulemu kwa malume anga, ndinali m'gulu la otsekereza njira ya agogo a eni ake.

Palinso kachizolowezi kena kamene ndikufuna tikasiye, ifeyo makamaka. M'magulu athu a pa WhatsApp munthu akati akupita ku York, ku Bath kapena ku Chester, sipalephera wina woyankha kuti, "Achimwene, musalipire, kuli kamsewu kena kuseri kwa siteshoni, n'kaulere." Kamsewu kameneko kali ndi eni ake. Ndi mizere ya nyumba zogundizana zomangidwa galimoto isanabwere, zopanda bwalo, zopanda galaja, ndipo malo okhawo amene mwini nyumba angaimike ndi pakhomo pake pamsewu. Mayi wochokera kuntchito yausiku amafika n'kupeza pakhomo pake pali galimoto yachilendo imene ikhalepo mpaka madzulo. N'chifukwa chake misewu yambiri yotere tsopano ili ndi zilolezo za okhalamo okha, ndipo mlendo akaimikapo amapeza kapepala kachikasu ka chindapusa pagalasi. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame satseka pakhomo pa munthu tsiku lonse. Kwathu sungafike pamudzi wa eni n'kumangirira ng'ombe yako pankhokwe ya munthu osapempha, chifukwa choti palibe chikwangwani choletsa.

Sindikunena kuti chindapusa chilichonse n'cholungama. York yomweyo ili ndi nkhani yake yochititsa manyazi. Mu Ogasiti 2013 khonsolo inatseka mlatho wa Lendal kwa magalimoto a anthu wamba masana, mongoyesera, n'kuika makamera. Madalaivala masauzande ambiri analandira makalata a chindapusa, ambiri mwa iwo alendo amene ankangotsata kumene foni ikuwalozera ndipo zikwangwani sanazimvetse. Bwalo loona za madandaulo otere litapeza kuti zinthu sizinayende mwa lamulo, mlatho unatsegulidwa mu Epulo 2014 ndipo ndalama zinayamba kubwezedwa. Cholinga chinali chabwino, kachitidwe kake ndiko kanaipa, ndipo kanapatsa mphamvu aliyense wonena kuti malamulo a galimoto ndi msampha wopezera ndalama. Lamulo labwino limafuna kuti munthu asalowe, silimubisalira kuti alowe kenaka alipire. Anzathu amene anapitako ku Italy amadziwa za zikwangwani zolembedwa ZTL, zoletsa magalimoto opanda chilolezo kulowa, m'mizinda ngati Florence ndi Pisa, komwe kamera imajambula nambala mwakachetechete, kalata n'kudzakupeza kunyumba patapita miyezi, ulendo utaiwalika. Mbali ya mzinda ndi kulemba zomveka, pamalo poti munthu akhoza kubwerera. Mbali yathu ndi kufunsa tisananyamuke, poti safunsa anadya phula. Ku York kufunsako kumathandizanso pa china: bwalo la magalimoto la St George's Field lili m'mphepete mwa mtsinje wa Ouse, ndipo mvula ikagwa yambiri kumapiri madzi amalowamo.

Chimene chinandivuta kuvomera, ndipo ndikuganiza kuti chimavuta ambiri a ife, si mtengo kapena mtunda. Ndi manyazi. Tinakulira kumene galimoto ndi umboni woti zako zinayenda. Amene anayenda pansi kupita kusukulu makilomita asanu ndi awiri, amene anapanikizana anayianayi pampando wa minibasi, thumba la chimanga lili pamiyendo, akagula galimoto safuna kumvanso za basi. Kumuuza kuti aisiye kunja kuli ngati kumubwezera kumene anathawa. Ndimamumvetsa munthu ameneyu chifukwa ndine ndemwe. Koma malume, amene ndinkafuna kuwalemekeza ndi mpando wakutsogolo, sanabwere kudzaona galimoto yanga. Tsiku lachiwiri lija tinakwera masitepe a pa Bootham Bar n'kuyenda pamwamba pa linga mpaka ku Monk Bar, pang'onopang'ono, iwo akupuma pakona iliyonse. Kuchokera pamenepo umaona Minster yonse kudutsa pamwamba pa minda ya maluwa ya kuseri kwa nyumba. M'kati mwa tchalitchi anaima nthawi yaitali pansi pa zenera lalikulu lakum'mawa, limene John Thornton analipanga pakati pa 1405 ndi 1408, lalikulu ngati bwalo la tenesi. Panja anakajambulitsa pambali pa chiboliboli cha Constantine, amene asilikali anamulonga ufumu wa Roma mumzinda womwewu m'chaka cha 306. Pamene chibolibolicho chakhala, m'mbali mwa tchalitchi, kale pankadutsa mabasi ndi malole. Tsopano umamva mabelu ndi mapazi.

Tili m'basi pobwerera malume anayamba kukamba za Blantyre. Iwo amati tisamaganize kuti zakale zili kwa Azungu kokha. Mandala House inamangidwa mu 1882. Tchalitchi cha St Michael and All Angels anachimanga pakati pa 1888 ndi 1891, David Clement Scott, yemwe sanaphunzirepo zomangamanga, akutsogolera amisiri a komweko amene anaumba ndi kuwotcha njerwa zake pamalopo. Pa Victoria Avenue pakadali nyumba za nthawi ya atsamunda, ndipo ku Zomba, komwe kunali likulu mpaka 1975, zilipo zambiri. Blantyre si York. Ilibe linga, misewu yake ndi yotakata, ndipo sungauze munthu kuti asiye galimoto ku Chichiri pamene palibe basi yodalirika yomutengera m'tauni. Kukopera malamulo a kuno osakopera basi kungakhale kulakwa komwe ndanena kale kuja. Koma pali chinthu chimodzi chimene sichifuna ndalama za boma kapena basi yamagetsi. Anthu ambiri olowa m'tauni ya Blantyre amabwera wapansi, paminibasi kapena pakabaza. Agalimoto ndi ochepa, koma ndi amene amakwera pakanjira ka oyenda pansi n'kuzimitsa injini, mnyamata wolondera atawakodola kuti, "Apa bwana, apa pali bwino." Mayi wobereka mwana, wakhungu ndi ndodo yake, mwana wasukulu, onsewo amatsikira mumsewu kupatsa njira galimoto imene mwini wake ali m'banki.

Malume atabwerera kumudzi anandiimbira foni patapita milungu ingapo. Anali atapita ku Blantyre kukatsata za penshoni. Anati kuchoka pamene anatsika minibasi kukafika ku ofesi imene ankapita anatsikira mumsewu kanayi, ndodo ili m'manja, chifukwa cha magalimoto oima panjira ya anthu. Kachinayiko anagogoda pagalasi. Munali mnyamata wa tayi, akuyankhula pafoni. Atatsitsa galasi, malume anamufunsa kuti, "Mwanawe, ine ndidutse pati?" Mnyamatayo anawayang'ana, anayang'ana ndodo, nati, "Pepani agogo," n'kuliza injini.